Sefa Yachiwiri ya Canter Yanga

Injini ya Canter yanga inanoka pa Namitete mu Julaye 2018, itasenza mabelo a fodya a alimi asanu. Ine sindinali m'galimotomo. Adalaivala anangoimba foni nati, "Bwana, bwerani msanga, galimoto yalira kulira kwachilendo, kenaka yazima." Nditafika ndinapeza alimi awiri amene anaperekeza fodya wawo atakhala pansi pa mtengo wa mango, osafuna n'kundiyang'ana komwe. Anali ndi chifukwa. Tsiku lawo lotula fodya ku Kanengo linali lomwelo, ndipo ana awo anali akudikira fizi. Tinapeza lole ina madzulo, tinasamutsa mabelo, yanga n'kuikoka ndi tcheni kubwerera nayo ku Kamwendo.

Galimotoyo ndinaigula ndi ndalama zimene ndinasunga pa zaka khumi za ulimi, kuphatikizapo ngongole. Inachokera ku Japan, inatsikira pa doko la Dar es Salaam, inalowa pa Songwe injini yake ya 4D33 ikulira bwinobwino. Inangotha zaka ziwiri zokha m'manja mwanga. Chimene chinandipweteka kwambiri sichinali ndalama za ovaholo, ngakhale zinadya phindu la nyengo yonse. Chinali chakuti ndinkadziona ngati munthu wosamala. Oyilo ndinkasintha. Fyuluta ndinkagula. Nanga injiniyo inafa bwanji?

Amene anaitsegula ndi amalume anga, amene anakalambira m'garaja ya malole akuluakulu ku Blantyre asanabwerere kumudzi ndi bokosi lawo la masipanala. Anayala zitsulo pa thumba la feteleza, chimodzichimodzi. Mabeyaring'i anali atadyeka mpaka mkuwa kuonekera. Kirankishafuti inali ndi timizere toti chikhadabo chinkakodwamo. Maring'i anali atapyapyala, m'mphepete mwake mukuthwa ngati lezala. Amalume anangopukusa mutu nati, "Mphwanga, injini iyi sinafe dzulo. Yakhala ikuperesedwa tsiku ndi tsiku."

Mwezi womwewo mnzanga wina woyendetsa lole ya katundu wa ku Johannesburg, uja amadzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, anabwera kudzandipepesa. Atamva nkhani yonse anandiuza za chipangizo chimene anachiona pa malole ena kumeneko, fyuluta yachiwiri imene amati bypass. Ife tinangoitchula kuti fyuluta yapambali. Anati imasefa oyilo mpaka kuyera, injini imakhala zaka zambirimbiri, ndipo oyilo sumusintha pafupipafupi. Munthu amene wangoika kumene maliro a injini, mawu otere amamulowa mumtima msanga. Ndinam'patsa ndalama. Patatha milungu itatu anabwera ndi katoni: chitini chachitali, mapayipi awiri akuda, bulaketi ndi timabawuti.

Usiku umenewo ndinakhala nawo amalume pakhonde, katoniyo ili pakati pathu, ndipo anandifotokozera zimene ndinali ndisanamvepo chiyambire kukhala ndi galimoto.

Fyuluta imene injini iliyonse imabwera nayo ili panjira ya oyilo yense. Pampu ikamukoka mu sampu, amayenera kudutsa m'fyulutamo asanafike ku mabeyaring'i. Ndiye fyulutayo singakhale ya maso aang'ono kwambiri, chifukwa ingatsamwitse injini, ndipo beyaring'i ikasowa oyilo kwa kanthawi kochepa chabe imapsa. Opanga amasiya maso ake otakasukirapo, oti agwire zinyalala za mayikuloni 20 kapena 30 kupita m'mwamba. Mayikuloni imodzi ndi milimita kuigawa ka 1,000. Tsitsi la munthu limanenepa pafupifupi mayikuloni 70. Kuwonjezera apo amaikamo kavalavu koti oyilo akalimba ndi kuzizira kwa m'mawa wa mu Juni, kapena fyuluta ikatsekeka ndi litsiro, katseguke n'kumulola kudutsa wosasefedwa. Kwa injini, bola oyilo wakuda kusiyana ndi kusowa oyilo.

Vuto ndi lakuti oyilo amene amalekanitsa chitsulo ndi chitsulo chinzake ndi wopyapyala koposa. M'mabeyaring'i amakhala mayikuloni owerengeka, ndipo pakati pa ring'i ndi khoma la silinda nthawi zina safika n'komwe imodzi. Kamchenga ka mayikuloni 5 kapena 10 kamadutsa m'fyuluta wamba mosavuta, n'kukalowa pampata womwewo, n'kumakala chitsulo ulendo uliwonse kakazungulira.

Amalume anati ndiganize za amayi osefa ufa pamaliro. Anthu ndi ambiri, madzi awira kale pamoto, ndiye amatenga sefa ya maso akuluakulu kuti ufa utsike msanga. Koma mayi wosefa ufa wa phala la khanda amakhala pambali ndi kasefa kake kosalala, akusefa pang'onopang'ono, popanda womufulumizitsa. Fyuluta yapambali ndi mayi wachiwiriyo. Imapatutsa gawo laling'ono la oyilo, pafupifupi limodzi mwa magawo khumi kapena kucheperapo, kudzera pa kabowo kakang'ono, n'kumudutsitsa m'pepala kapena thonje lothithikana loti limagwira tinthu ta mayikuloni 2 kapena 3, kenaka n'kumubwezera mu sampu. Mabeyaring'i sadikira oyilo ameneyu, ndiye palibe chothamangira. Pochoka ku Mchinji kukafika ku Lilongwe, oyilo yense amakhala atadutsamo kambirimbiri.

Ndinawafunsa ngati zimenezi si bodza la ogulitsa. Anaseka pang'ono nati si zatsopano ayi. Ndipo n'zoona. Fyuluta yoyamba ya oyilo wa galimoto, imene Ernest Sweetland ndi George Greenhalgh anapanga ku America mu 1923 n'kuitcha Purolator, inali yapambali: inkasefa gawo chabe la oyilo, wina yense akuyenda wosasefedwa. Fyuluta yodutsamo oyilo yense inabwera m'zaka za m'ma 1940, ndipo itabwera, magalimoto ang'onoang'ono anaisiya yakale ija. M'zaka za m'ma 1950 kunatchukanso ku America komweko fyuluta ya Frantz, imene mkati mwake ankaikamo mpukutu wa pepala la kuchimbudzi, pepala lothithikana loti oyilo amavutika kudutsamo. Choncho chimene mnzanga anandibweretsera ngati chachilendo chinali gogo wa mafyuluta onse.

Koma umboni wa amalume sunali wa m'mabuku. Anali atatsegula ndi manja awo chosefera cha injini za Scania, chimene sichidalira pepala koma chimazungulira ndi liwiro lalikulu n'kumaponyera litsiro kukhoma. Pa sevisi iliyonse, anati, ankapala m'khomamo chinthu chakuda cholimba ngati nkhoko za nsima, chonenepa ngati chala. "Zonsezo zikanakhala zikuyenda m'magazi a injini," anatero. Land Rover inaika chosefera chotere pa injini yake ya Td5 kuyambira 1998. Fyuluta yeniyeni ya Toyota ya injini ya 1HZ, ija ya ma Land Cruiser a zipatala ndi mabungwe, ili ndi zigawo ziwiri m'chitini chimodzi, chachikulu ndi chapambali. Cummins nayo imachita chimodzimodzi pa injini zake zazikulu. Ngakhale njinga zamoto zambiri za kabaza, zimene injini zake anatengera pa Honda CG125, zili ndi kachosefera kozungulira m'kati, kamene eniake ambiri sanakatsegulepo chigulireni. Opanga injini saika chinthu chowonjezera mtengo popanda chifukwa.

Pambuyo pake ndinawerenganso za kafukufuku amene David Staley wa ku General Motors anatulutsa mu 1988. Anapeza kuti kuchoka pa fyuluta ya mayikuloni 40 kupita pa ya 30 kunachepetsa kudyeka kwa injini ndi theka, ndipo ya 15 inachepetsa ndi 70 peresenti. Ogulitsa mafyuluta apambali amaukonda kwambiri kafukufuku ameneyu. Chimene kawirikawiri satchula n'chakuti poyesapo ankathira dala fumbi mu oyilo kuti injini idyeke msanga. Mfundo yake ndi yoona, kuti tinthu ting'onoting'ono ndi timene timadya injini, koma sikuti aliyense woika fyuluta yosalala ndiye kuti injini yake ikhala zaka zowirikiza.

Ndinaganiza kuti nkhani yatha, mawa timanga. Koma m'mawa mwake amalume sanakhudze katoni ija. Anapita pa galimoto, anamasula payipi yaikulu ya labala imene imachoka pa fyuluta ya mpweya kupita ku injini, n'kundiitana. "Pisa chala umu." Ndinapisa. Chala chinatuluka chofiira, ngati ndapala pa chulu. Anaipinda payipiyo pamalo pamene imakhota, ndipo pansi pake panayasama mng'alu wotalika ngati chala changa chaching'ono, umene sunkaoneka payipi ikakhala chilili.

Ndinakhala chete nthawi yaitali. Galimoto imeneyi inkakatenga fodya m'misewu ya fumbi ya ku Mkanda ndi Kapiri, m'miyezi imene dothi limasanduka ufa, nthawi zambiri ikutsata lole inzake m'chimtambo chofiira. Injini ya malita anayi imameza mpweya wa malita masauzande angapo pa mphindi iliyonse. Kwa miyezi yosadziwika, gawo la mpweya umenewo linkalowa pa mng'alu uja, osadutsa pa sefa ina iliyonse. Fumbi limenelo limayamba ndi kupala maring'i ndi masilinda lisanatsikire n'komwe mu oyilo. Fyuluta ya oyilo, kaya ndi yosalala chotani, imakumana nalo litachita kale chipongwe kumtunda.

Ndipo sizinathere pomwepo. Adalaivala anavomera kuti ankachotsa fyuluta ya mpweya n'kumaimenyetsa pa tayala kuti fumbi lichoke, nthawi zina n'kukaipopera ndi kompuresa ya okonza matayala. Ankachita zimenezi pofuna kundipulumutsira ndalama, ndipo ine ndinkawayamika. Titaunika ndi tochi m'kati mwake, kuwala kunkatulukira pa timabowo tambiri. Kenaka amalume anadula ndi sowo fyuluta ya oyilo imene ndinagula motchipa mu tauni, ya katoni yokongola yolembedwa dzina lodziwika. Chikomekome cha nkhuyu. M'kati munali kapepala kochepa, komatidwa mokhota, ndipo kavalavu kaja kunalibe. Oyilo amene ndinkadzitama kuti ndimasintha, kangapo ndinamugula wopungulidwa kuchokera mu diramu, m'zigubu zopanda chidindo.

"Mphwanga," anatero amalume, "ukufuna kugula loko wa bokosi pamene chitseko cha nyumba chili pululu."

Mawu amenewa ndimawakumbukira nthawi zonse wina akandifunsa za fyuluta yapambali, chifukwa ndikudziwa chimene chinali mumtima mwanga pogula. Ndinkafuna chinthu chimodzi choti ndimange kamodzi, ndilipire kamodzi, ndipumule. Kusamala injini si kotero. Ndi kuwerama m'mawa uliwonse n'kuyang'ana madzi mu redieta, kugwira mapayipi, kukana fyuluta yotchipa pamene m'thumba muli zochepa, kum'letsa dalaivala kuponda moto injini isanatenthe. Ndi ntchito yosaoneka, yoti palibe amene angakuyamikire. Chitini chonyezimira chomangidwa pa tchesisi chimaoneka, ndipo anzako amabwera kudzafunsa.

Tinagula payipi yatsopano, makilampu atsopano, fyuluta ya mpweya yeniyeni, ndipo oyilo ndinayamba kugula wa m'chigubu chomata. Zitatha zimenezo m'pamene amalume anatsegula katoni ija. Anatha tsiku lathunthu. Anatenga oyilo pamalo pamene pamamangidwa swichi ya puresha, anabowola pobwezera, ndipo mapayipi anawakulunga ndi labala paliponse pamene akanakhudzana ndi chitsulo. Anandiuza mosabisa kuti aliyense woika chipangizochi wawonjezera malo anayi pamene oyilo angathe kutayikira. Payipi imodzi itaphulika pa liwiro, sampu imauma dalaivala asanazindikire, ndipo chimene unagula kuti chiteteze injini n'chimene chingaiphe. Anaika geji ya puresha pamaso pa adalaivala n'kuwauza kuti, "Muvi uwu ukatsika, imani pomwepo, ngakhale pakati pa mlatho."

Oyilo sanayere monga mnzanga ananenera. Patangotha masiku awiri anali wakuda bii, monga mwa nthawi zonse. Mwaye wa dizilo ndi wosalala kwambiri, wosafika mayikuloni imodzi, ndipo oyilo wabwino ali ndi mankhwala oti aziumwaza kuti usaundane. Fyuluta yapambali imagwira umene waundana, wotsalawo umayendabe. Kuda kwa oyilo wa injini ya dizilo si matenda, ndipo kuyera kwake si umboni wa thanzi.

Yesero lenileni linabwera ndi kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2022 inatsitsidwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera, oyilo ali patsogolo. Ndinakumbukira lonjezo lachiwiri la mnzanga lija, loti oyilo sumusintha pafupipafupi. Ndinkasintha pa makilomita 5,000. Ndinadziuza kuti popeza ndili ndi sefa yachiwiri, ndingathe kufika 10,000. Sindinawauze amalume. Ndinali nditadutsa 8,000 pamene tsiku lina, galimoto itaima pakhomo pawo kutsitsa matumba a chimanga, anasolola chitsulo choyezera oyilo monga amachitira ndi galimoto iliyonse imene yawayandikira. Anayang'ana muyezo, anatikita oyilo pakati pa zala, anamununkhiza.

"Wawonjezera oyilo liti?"

Ndinati sindinawonjezere.

"Ndiye n'chifukwa chiyani wakwera kupitirira mzere?"

Nozo imodzi inali ikudontha, ndipo dizilo wosapsa ankatsikira mu sampu. Oyilo anali atasungunuka ngati madzi. Tinamukhetsa tsiku lomwelo. Ndikanasintha pa 5,000 ndikanaona vutoli kale. Ndikanafika pa 10,000 mwina bwenzi ndikuyalanso mabeyaring'i pa thumba la feteleza.

Apa m'pamene ndinamvetsa malire a chipangizochi. Sefa imagwira zolimba zokha. Singalekanitse dizilo ndi oyilo, chifukwa zonse ndi zamadzimadzi. Singaletse madzi a mu redieta kulowa gasiketi ikapsa. Singabwezere mankhwala a mu oyilo amene amalimbana ndi asidi wochokera ku utsi, amene amatha pang'onopang'ono ngati sopo. Makampani a migodi ndi a malole ambirimbiri amene amatalikitsa nthawi yosinthira oyilo sachita zimenezo mongoganiza. Amatunga kabotolo ka oyilo n'kukatumiza ku labotale, monga ya WearCheck ku Durban, kumene amayeza chitsulo, mkuwa, silikoni wosonyeza fumbi, dizilo, madzi ndi mphamvu ya mankhwala imene yatsala. Pepala la zotsatira ndi limene limawalola kupitiriza. Munthu wa Canter imodzi ku Kamwendo, amene labotale yake ndi mphuno ya amalume ake, asatengere zimenezo. Ndimamva chisoni ndikamva ogulitsa akulonjeza anthu osauka kuti asiya kugula oyilo, chifukwa ndikudziwa kuti lonjezo limenelo ndi limene limagulitsa, ndipo ndi lomwelo limene lingaphe galimoto imene banja lonse likudalira.

Mphunzitsi wina wa pasukulu yapafupi, amene ali ndi Toyota Sienta, anandifunsa ngati naye aike fyuluta yapambali. Ndinamuuza kuti ayi. Kagalimoto ka petulo sikapanga mwaye wambiri, kamayenda maulendo aafupi, ndipo m'misewu yathu mashoko, giyabokosi ndi bodi zimatha injini ikadali ndi moyo. Ndalama imeneyo agulire oyilo wabwino ndi fyuluta yeniyeni kwa zaka zingapo. Mwini chigayo cha dizilo atandifunsa funso lomwelo ndinamuyankha mosiyana. Injini yake imalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ili pamalo amodzi pamene mapayipi sagwedezeka ndi mabampu, ndipo akufuna kuti imutumikire zaka makumi awiri. Jenereta ya pachipatala, thalakitala ya pa esiteti, lole ya maulendo a ku Beira ndi Nacala: pamenepo maola ndi ambiri, injini ndi yodula, ndipo kuchedwetsa ovaholo ngakhale ndi chaka chimodzi kumabweza mtengo wa chitini chija kangapo. Koma mwini chigayoyo ndinamupempha kuti tiyambe taona kaye kumene injini yake imapumira. Tinapeza fyuluta ya mpweya ili m'chipinda chomwecho chogayiramo, itayera mbuu ndi ufa. Anayamba ndi kubowola khoma n'kutulutsira payipi panja.

Fyuluta yanga yapambali ikadali pa galimoto, ndipo sindidandaula kuti ndinaigula. Injini imene amalume anamanga mu 2018 yatha nyengo za fodya zochuluka kuposa zimene inatha isananoke, siidya oyilo, ndipo muvi wa puresha umaima pamene unkaima tsiku loyamba. Nthawi iliyonse tikamasintha chosefera cha m'chitinimo, chimatuluka cholemera kuposa mmene chinalowera, ndipo ndikachinyamula m'manja ndimadziwa kuti kulemera kumeneko kukanakhala kukuzungulira m'mabeyaring'i. Oyilo ndimasinthabe pa 5,000.

Amalume maso ayamba kuwavuta, ndipo masipanala akuluakulu amapatsira mnyamata amene akumuphunzitsa. Koma payipi ya mpweya sapatsira munthu. Sabata yatha, tikukonzekera ulendo woyamba wa ku Kanengo chaka chino, mabelo atapakiridwa kale, anaimasula okha, anakulunga kansalu koyera pa chala n'kukapisa m'kati. Anakatulutsa n'kukayandikitsa kumaso, kenaka anandipatsa kuti ndiwaonere. Panali kamzere kofiirira, kochepa kwambiri, koti ndikanatha kunena kuti palibe kanthu. Adalaivala anali atakhala kale pa chiwongolero, alimi akuyang'ana dzuwa.

"Mwaona chiyani?" anafunsa amalume, akundilemekeza pamaso pa anthu.

Ndinawauza. Anatuma mnyamata uja kukatenga kilampu ina m'bokosi, ndipo ine ndinapita kukawapempha alimi kuti atidikire ola limodzi.